Kusankha chifefe chosapweteka phewa chowombera timbale touluka

Mlenje wa nkhanga akhoza kuyenda tsiku lonse m'tchire n'kuwomba kawiri kokha. Wowombera timbale touluka amawomba ka 25 pagawo limodzi, ndipo ambiri amachita magawo atatu kapena anayi asanabwerere kwawo. Mfuti ikakhala yokankha mwamphamvu, pofika gawo lachitatu phewa limakhala litafiira, tsaya likuwawa, ndipo thupi limayamba mantha. Maso amatsinzina okha, mutu umadzuka pathako la mfuti chala chisanakoke, mbale n'kumapita yosakhudzidwa. Chizolowezi chimenechi chikakhazikika chimatenga nthawi yaitali kuti chichoke, ndipo ambiri amasiyira pomwepo masewerawa akuganiza kuti alibe luso, chonsecho vuto linali mfuti.

Ndikulembera anzanga a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amene mwayamba kukonda masewerawa ndipo mukufuna chifefe chanuchanu, cha mtundu uja umati ukawomba umataya wokha chikhokho cha katiriji n'kulowetsa katiriji wina. Zimene ndikufuna mugwire ndi izi: kufewa kwa mfuti paphewa sikudalira kukula kwa mtengo wake. Kumachokera ku kagwiridwe ntchito ka m'kati mwake, kulemera kwake, katiriji amene mwaikamo, ndi mmene mfutiyo yakhalira pathupi lanu. Zinayi zonsezi munthu wa ndalama zochepa angazipeze akadekha posankha.

Kwa amene simunaonepo timbaleti, n'tating'ono, mamilimita 110 m'mimba mwake, kulemera pafupifupi magalamu 105. Timapangidwa ndi miyala ya laimu yopera yosakaniza ndi phula, ndiye n'tosachedwa kusweka. Kale azungu ankawombera nkhunda zamoyo, kenako mipira yagalasi, mpaka George Ligowsky wa ku Cincinnati atabweretsa mbale zadothi cha m'ma 1880. Masewera a trap, amene mbale imathawa kuchoka kwa inu, analowa mu Olympics ku Paris mu 1900. A skeet, amene mbale zimadutsa chopingasa kuchokera m'tinyumba tiwiri, analowa mu 1968 ku Mexico City. Palinso a sporting, amene mbale zimabwera mosiyanasiyana motsanzira kuuluka kwa mbalame ndi kuthamanga kwa kalulu. Mfuti imodzi yosankhidwa bwino imakwanira pa atatu onsewa kwa munthu woyamba.

Yambirani kupolisi

Musayambe ndi kuyang'ana zithunzi za mfuti pa intaneti. Yambani ndi kupita kupolisi ya paboma, ku Dedza kapena ku Ntcheu, mukafunse ndondomeko yopezera chilolezo. Mfuti m'Malawi muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la 1967, ndipo ntchito yolembetsa mfuti ndi kupereka zilolezo ili m'manja mwa apolisi, amene likulu lawo lili ku Area 30 ku Lilongwe. Chilolezo chimayamba, mfuti imabwera pambuyo. Mukafika, nenani momveka kuti mukufuna chifefe cha semi-automatic chochitira masewera, mtundu wotaya wokha chikhokho uja, kutanthauza kuti chimawomba kamodzi pa kukoka kulikonse kwa trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powomba. Funsani ngati mtundu umenewu angakulembereni, kuchuluka kwa makatiriji amene mungaloledwe kusunga, malo osungira amene akufuna kudzaona, ndiponso zofunika ngati mfutiyo ichokera kunja kwa dziko. Safunsa anadya phula: munthu akhoza kulipira mfuti kwa wogulitsa, kenako n'kupeza kuti mapepala ake sakutheka.

Apa ndinene mosabisa chifukwa cha kumene tikukhala. Msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwenimweni mwa malire kuchokera ku Dedza kudutsa pa Lizulu kulowera ku Ntcheu, ndipo nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992 inasiya mfuti zambiri m'manja mwa anthu wamba m'chigawo chino cha Africa. Wina akadzakunong'onezani kuti, "Achimwene, ndili nayo yabwino yotchipa, za mapepala tidzaona pambuyo," chokanipo. Mfuti yopanda mapepala ndi mlandu wopita nawo kundende, simudziwa zimene inachita kumbuyoku, ndipo palibe bwalo la masewera limene lingakulandireni nayo. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, kapena kwa mwini wake amene ali ndi chilolezo ndipo akuvomera kuti kusintha dzina kuchitikire kupolisi.

Werengerani makatiriji musanawerengere mfuti

Mfuti mumagula kamodzi. Makatiriji ndi timbale mumagula nthawi zonse, ndipo munthu wowomba kawirikawiri, pakapita zaka zochepa, ndalama za makatiriji zimaposa mtengo wa mfuti. Zinthu zimenezi zimachokera kunja, ndipo tonse tikukumbukira kuti kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho mukakhala ndi ndalama zanu, musazithere pamfuti. Siyaniko za chilolezo, za kabati yachitsulo yokhoma, zotchingira makutu, magalasi otetezera maso, zotsukira, ndi makatiriji a miyezi ingapo. Mfuti yokongola yongokhala m'kabati siphunzitsa munthu kuwomba.

Funsaninso wogulitsa makatiriji amene amakhala nawo nthawi zonse, osati amene anafika kamodzi mwamwayi. Makatiriji owombera timbale amakhala a mamilimita 70 kutalika, okhala ndi timipira ta mtovu tolemera magalamu 24 kapena 28, ta nambala 7½, 8 kapena 9 (nambalayi imasonyeza kukula kwa timipirato). Aulenje amakhala a magalamu 32, 34 kapena 36, ndipo amenewo ndiwo amatupitsa phewa. Pa Olympics amawombera a magalamu 24, mbale n'kumasweka ndithu, ndiye musakhulupirire zoti katiriji wolemera ndiye amaswa bwino. Kungotsika kuchoka pa 28 kufika pa 24, liwiro likakhala lofanana, mphamvu yokankha paphewa imatsika ndi pafupifupi kota. Palibe njira ina yotsika mtengo yofewetsera mfuti yoposa imeneyi. Koma si mfuti iliyonse ya semi-automatic imene imayenda bwino ndi katiriji wopepuka, ndipo apa m'pamene pagona nkhani ya gasi.

Ya gasi kapena ya inertia

Zifefe za semi-automatic zimene mungakumane nazo masiku ano n'zamitundu iwiri. Zinalipo zina zakale monga Browning Auto-5, imene John Browning anaipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, zimene mpope wonse umabwerera m'mbuyo powomba. N'zolimba, koma pa masewera ano zisiyeni.

Mtundu woyamba ndi wa gasi. Pansi pa mpope, cha pakati, pamakhala timabowo ting'onoting'ono. Wonga ukapsa n'kukankha timipira kutsogolo, mpweya wina umatulukira m'timabowomo n'kukankha pisitoni imene yavala pachubu chosungira makatiriji. Pisitoniyo imakankhira m'mbuyo bolt, chitsulo chotsekera katiriji kumbuyo kwa mpope, chikhokho chimatuluka, sipuling'i imabwezera bolt kutsogolo italowetsa katiriji wina. Zitsulo zonsezi zikamayenda, mphamvu yobwerera m'mbuyo siifika paphewa nthawi imodzi, imafika motambasuka pang'ono. Mphamvuyo siinasowe ayi, yangogawika. Kusiyana kwake kuli ngati munthu wokukankhani ndi chikhatho ndi wokumenyani chibakera: onse akusunthani, koma wina wakusiyirani bala.

Mtundu wachiwiri ndi wa inertia, umene unatchuka ndi kampani ya Benelli ya ku Italy, ndipo umapezekanso mu Franchi Affinity ndi Stoeger M3000. Mulibe pisitoni. M'kati mwa bolt muli sipuling'i yaifupi yolimba kwambiri. Mfuti ikalumphira m'mbuyo, thupi la bolt limatsalira pang'ono chifukwa cha kulemera kwake, sipuling'iyo imafinyika, kenako imafunyuluka n'kuponya bolt m'mbuyo. Ndiye kuti mfutiyi imadalira kukankha komweko kuti igwire ntchito. N'zaukhondo chifukwa utsi wonse umatulukira kumpope, n'zopepuka, zitsulo zake n'zochepa. Kwa mlenje wokwera mapiri a ku Tsangano tsiku lonse, n'zabwino zedi. Koma kupepuka ndi kudalira kukankhako n'zimene sitikuzifuna pano, ndipo zambiri mwa izo zimachita ulesi kutulutsa chikhokho mukaikamo katiriji wa magalamu 24.

Ine ndikuti tengani ya gasi. Mtengo wake wobisika ndi kutsuka. Mukawomba makatiriji mazana angapo n'kumasula, mudzapeza pisitoni yada bii, mwaye wauma gwa m'mizere yake mpaka kumachoka ngati timakoko mukapala ndi burashi yamkuwa. Kuutsuka n'ntchito ya mphindi zochepa madzulo mukabwerako, ndipo munthu wosakonda kutsuka zida zake asagule mfuti ya gasi, chifukwa idzamukanira pakati pa gawo.

Kukula, kulemera ndi mpope

Tengani ya 12 gauge (gauge ndi muyezo wa kukula kwa m'kati mwa mpope). Mpope wake ndi pafupifupi mamilimita 18.5 m'kati, ndipo makatiriji ake ndiwo amapezeka paliponse pamene pamagulitsidwa makatiriji. Ambiri amaganiza kuti 20 gauge, pokhala yaing'ono, ndiyo yofewa, ndipo amaigulira amayi kapena achinyamata. Nthawi zambiri sizitero. Mfuti ya 20 gauge imakhala yopepuka, ndipo mfuti yopepuka imakankha kwambiri. Ya 12 gauge yolemera bwino yokhala ndi katiriji wa magalamu 24 imakhala yofatsa kuposa ya 20 yopepuka yokhala ndi katiriji wolemera chimodzimodzi. Ya 20 iganizireni pokhapokha ngati wowombayo akulephera kunyamula yaikuluyo. Ndipo pakhomo pakakhala ziwirizi, makatiriji ake asasakanikirane m'thumba limodzi: wa 20 akalowa m'mfuti ya 12 amatsetserekera mumpope n'kukakamira, mukaika wina pambuyo pake n'kuwomba, mpope umaphulika.

Kulemera kukhale pakati pa makilogalamu 3.2 ndi 3.6. Pabwalo simuyenda mtunda, ndiye kulemera ndi bwenzi lanu. Kumameza kukankha, komanso mfuti yolemererako ikayamba kutsatira mbale siima msanga. Mpope wa masentimita 71, umene ogulitsa amati 28 inchi, ndi wokwanira pa zonse. Wa 76 ndi wabwinonso kwa munthu wamtali wokonda trap. Mipope yaifupi ya masentimita 47 kapena 51 ndi ya mfuti za alonda, si ya masewera.

Onani zimene zalembedwa pampope za kutalika kwa katiriji. Mukaona 70 mm kapena 76 mm, zili bwino. Mukaona 89 mm, mfutiyo anaipangira makatiriji aakulu a atsekwe, mudzalipira zambiri pa chinthu chosakuthandizani, ndipo zina mwa izo zimavutika ndi katiriji wopepuka.

Kumapeto kwa mpope kuli choke, kufinyika pang'ono kumene kumalamula kumwazika kwa timipira. Sankhani mfuti ya machoke omasula ndi sipanala yake. Awiri okha akukwanirani poyamba: improved cylinder, yofinyika pang'ono, ya mbale zapafupi ndi skeet, ndi modified, yofinyika koposa pamenepo, ya trap ndi mbale zakutali. Mazinga ake amasiyana kampani ndi kampani. Ya Beretta siilowa mu Winchester, ndipo kukakamiza n'kuwononga mpope.

Mayina oyenera kuwafunsa

Beretta A300 ndiyo ndingaiike patsogolo kwa amene angaikwanitse. Kampaniyi ndi ya ku Gardone Val Trompia ku Italy, yakhala ikupanga zida kuyambira 1526, ndipo A300 ndi mng'ono wake wotsika mtengo wa A400. Imabwera ndi timapepala tachitsulo kapena tapulasitiki tosinthira kapendekedwe ka thako, ndipo ya mtundu wa Ultima ili ndi zofewetsera kukankha m'kati mwa thako. Azichimwene ake akale, A303, AL390 ndi AL391, akapezeka kwa munthu wosamala zinthu ndi mfuti zabwino kwambiri. Winchester SX4, yopangidwira ku Portugal, ili m'gulu lomweli pa mtengo ndi pa kufewa.

Remington 1100 inatuluka mu 1963 ndipo inalamulira mabwalo a skeet ku America kwa zaka zambiri. Thupi lake n'lachitsulo, n'yolemera, ndipo mpaka lero ili m'gulu la zofewa koposa. Ili ndi kamphira kozungulira kamene kamatseka mpweya pachubu. Kakang'ambika, mfuti imasiya kutulutsa chikhokho, ndiye eni ake amayenda ndi tina tapadera m'thumba. Zakale zambiri zili ndi choke yosamasula, choncho werengani zimene zadindidwa pampope. Kumbukiraninso kuti kampani yakale ya Remington inagwa mu 2020, ndiye funsitsani za zipangizo zosinthira musanalipire.

Zotsika mtengo kwambiri ndi za ku Turkey: Hatsan Escort, za ATA Arms, za Armsan, ndi Weatherby SA-08 yopangidwira komweko. SA-08 imabwera ndi mapisitoni awiri, ina ya makatiriji opepuka ina ya olemera, ndiye mukamagula yogwiritsidwapo kale onetsetsani kuti onse alipo. Sindizinyoza mfuti za ku Turkey. Zathandiza anthu ambiri kulowa m'masewerawa. Kungoti sizifanana zonse ngakhale za dzina limodzi, ndiye zimafuna kuyesedwa musanatenge.

Pa mayina onsewa, funso lalikulu kwa wogulitsa n'lakuti: "Bambo, sipuling'i kapena pisitoni ikawonongeka, mungandipezere pakapita nthawi yaitali bwanji?" Kuno kulibe sitolo ya zipangizo za mfuti pakona iliyonse. Mfuti yachiwiri pa ubwino imene zipangizo zake zimapezeka ndi yabwino kuposa yoyamba imene idzagona m'kabati chaka chathunthu kudikira kachitsulo kamodzi.

Mfuti ikhale pathupi lanu

Apa m'pamene ambiri amathamanga, chonsecho m'pofunika kudekhapo koposa. Chifefe sichilunjikidwa ngati mfuti ya chipolopolo chimodzi. Maso amakhala pambale, mfuti imatsatira kumene maso akuyang'ana. Kuti zitheke, diso liyenera kugwera pamalo amodzimodzi pamwamba pa mpope nthawi iliyonse mukakweza mfuti.

Yambani ndi kudziwa diso lanu lotsogolera. Tambasulani manja onse, pangani kabowo pakati pa zikhatho, yang'anani chinthu chakutali m'kabowomo, kaya nsonga ya phiri la Dedza kaya mtengo wa tsidya, maso onse ali otsegula. Bweretsani manja pang'onopang'ono kumaso osachitaya chinthucho. Kabowoko kadzafikira padiso limodzi. Limenelo ndilo lotsogolera. Ngati ndi lakumanzere koma inu ndinu wadzanja lamanja, ndipo mukungoyamba kumene, ganizirani zophunzira kuwombera paphewa lakumanzere. Zikatero funsani ngati thako lingapendekedwere mbali imeneyo, ndipo dziwani kuti zikhokho zizidutsa kutsogolo kwa nkhope yanu, ndiye magalasi asachoke kumaso.

Kenako kutalika kwa thako. Mfuti zambiri zimabwera ndi masentimita 36 mpaka 37 kuchokera pa trigger kufika kumapeto kwa thako, muyezo wa munthu wa msinkhu wa ku Ulaya wovala malaya wamba. Onetsetsani kaye ndi maso ndi chala kuti mfuti ilibe katiriji, ilozeni kumene kulibe munthu, ndipo ikwezeni paphewa. Pakati pa mphuno yanu ndi chala chachikulu cha dzanja logwira pakhosi pa thako pakhale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Mpata ukachepa, chalacho chidzakumenyani mphuno. Ukachuluka, thako lidzakodwa m'khwapa pokweza n'kukhala pamkono m'malo mokhala m'kadzenje ka phewa, ndipo pamkono m'pamene pamatupa.

Ife a ku Dedza tili ndi nkhani ina. Tauni yathu ili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,600, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julaye palibe amene amaima pabwalo wopanda juzi ndi jekete. Zovalazo zimawonjezera sentimita imodzi kapena kuposa pakati pa phewa ndi thako. Mfuti imene inakukwanani bwino m'sitolo ku Lilongwe mu Okutobala mutavala malaya okha, m'nyengo yozizira idzakhala yaitali. Pitani ndi jekete lanu pokayesa. Ndi bwino thako likhale lofupikirako pang'ono, muziwonjezera kotalikitsira nyengo yotentha, kusiyana n'kuti likhale lalitali.

Tsopano tsinzinani maso onse, kwezani mfuti mpaka thako likhudze tsaya pansi pa fupa, kenako tsegulani. Mukuona chiyani? Ngati mukuona kumbuyo kwa thupi la mfuti kokha, kamkanda ka kumapeto kwa mpope katabisika, thako latsika kwambiri, ndipo mudzayamba kudzutsa mutu kuti muone mbale. Mutu ukadzuka, thako limakumenyani tsaya. Ngati mukuona njira yonse ya pamwamba pa mpope itatambalala ngati msewu wokwera, thako lakwera, mudzawombera pamwamba. Chofunika n'kuona kanjirako pang'ono chabe, kamkanda kali pakati penipeni. Timapepala tosinthira tija ntchito yake ndi imeneyi, n'chifukwa chake mfuti yotsika mtengo yokhala nato ndimaiyamikira kuposa yodula yopanda.

Gwiraninso kamphira ka kumapeto kwa thako. Dinani ndi chala. Kakhale kofewa ndi kochindikala. Pamfuti zakale kamakhala katauma n'kung'aluka, koma n'kosavuta kusintha, ndipo katsopano kamasintha mfuti kwambiri pa ndalama zochepa.

Mukagula yogwiritsidwapo kale

Nambala ya pathupi la mfuti ifanane ndi ya pachilolezo cha mwini wake, chilembo ndi chilembo. Ikaoneka yopalidwa kapena yodindidwanso, nkhani yathera pomwepo. Pemphani amasule mpope, muuloze kowala n'kusuzumira: m'kati muzinyezimira, musakhale timaenje ta dzimbiri kapena mphete yakuda yosonyeza kuti unafufuma. Yendetsani zala kunja kwa mpope kuti mumve ngati unaphwanyika pena. Masulani choke. Ikakana kutuluka ndiye kuti inachita dzimbiri m'mazinga, ndipo kuichotsa ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti. Yang'anani ming'alu pathabwa lakutsogolo ndi pamene thako lalumikizana ndi thupi la mfuti. Onani pisitoni ndi chubu chimene imayendapo. Kokani bolt m'mbuyo n'kuiperekeza kutsogolo, mumve ngati ikuyenda mosalala. Pamitundu yambiri sipuling'i yobwezera bolt imakhala m'chubu chobisika m'kati mwa thako, ndipo mfuti imene inanyowapo ndi mvula imachita dzimbiri mmenemo mwini wake osadziwa.

Mfuti imene inagwira ntchito ya ulonda, yogona panja m'mame zaka zambiri, ipeweni ngakhale mtengo ukome bwanji.

Iyeseni ndi katiriji wopepuka

Ngati n'kotheka, ndipo pamalo ovomerezeka, wombani bokosi limodzi la makatiriji 25 a mtundu umene mudzagwiritse ntchito, awiriawiri. Wogulitsa wochenjera amakupatsani katiriji wolemera chifukwa ndi amene amayendetsa mfuti iliyonse. Inu umirirani wa magalamu 24 kapena 28. Chikhokho chizituluka mwamphamvu nthawi zonse, ndipo bolt izitsalira yotsegula katiriji womaliza akapsa. Mfuti yatsopano nthawi zina imafuna kutsukidwa girizi wa kufakitale ndi kuwombedwa mabokosi angapo a katiriji wolemererako kuti zitsulo zizolowerane. Werengani kabuku kake. Koma yakale ikamakanira katiriji wopepuka itatsukidwa bwino, isiyeni.

Mukagula, pezani katoni yaikulu, jambulani kadontho pakati, muiimike pamtunda wa mamita 15 kumbuyo kwake kuli chulu kapena chiunda cha dothi. Kwezani mfuti mwachibadwa osalunjika ngati msilikali, wombani katatu pakadonthoko. Pitani mukaone pamene timabowo tachulukira. Tikakhala pakadontho kapena pamwamba pake pang'ono, mfuti ikuwombera kumene mukuyang'ana. Tikapendekera kumbali kapena pansi, sinthani timapepala ta thako n'kuyesanso ndi katoni ina.

Pabwalo ndi pakhomo

Pabwalo la timbale salowetsa makatiriji oposa awiri, ndipo amalowetsa pokhapokha munthu ataima pamalo owombera. Mfuti yothyola pakati aliyense amaona patali kuti n'yotsegula, koma yanuyi saiona, ndiye yendani bolt ili yotsegula, mpope utaloza kumwamba, ndipo ikani kansalu kapena kapulasitiki kowala pakamwa pake. Pa trap anthu amaima moyandikana, zikhokho zanu zizigwera mnzanu wakumanja. Pali kachitsulo kogwira chikhokho kamene kamamangidwa pambali pa mfuti, kapezeni. Makutu atsekedwe nthawi zonse. Kulira kwa chifefe kumapitirira madesibelo 140, ndipo khutu likawonongeka silibwerera.

Amene mukuganiza zoika makina oponyera timbale pafamu, timipira ta nambala 7½ timatha kuuluka mamita oposa 200, ndipo mabwalo a ku Britain amasiya malo opanda munthu okwana mamita 275 kutsogolo. Kuno midzi ndi minda zayandikana, m'tchire muli tinjira ta ana asukulu, amayi otola nkhuni ndi abusa a ng'ombe. Yendani malo onsewo ndi mapazi, dziwitsani apolisi, kambiranani ndi amfumu ndi oyandikana nawo za masiku ndi maola. Mtovu umagwera pansi n'kukhala m'dothi, ndiye musawombere molunjika kudimba la kabichi, kumunda wa mbatatesi, kudambo kapena kuchitsime. Tolani zikhokho zonse, ana asamaseweretse.

Pa kasamalidwe, mafuta akhale ochepa. M'mawa wozizira wa ku Dedza mafuta ochindikala amalimba n'kuchedwetsa bolt, ndipo m'fumbi la Seputembala ndi Okutobala amasanduka matope m'kati. Pisitoni yambiri imafuna kukhala youma kapena yongopukutidwa ndi kansalu ka mafuta, malinga ndi kabuku ka mfutiyo. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, musaisiye m'chikwama chake chansalu chifukwa chimasunga chinyezi. Ipukuteni, masulani choke mupake girizi pang'ono m'mazinga, muikhomere m'kabati. Makatiriji akhale pouma, okhomeredwa paokha, ndipo kiyi asakhale pamene ana kapena alendo angamupeze. Tsiku lotha chilolezo lilembeni pakalendala, mukachikonzenso lisanafike.